Katemera Akafika Pasukulu

Mwana wabwera kuchokera kusukulu, waponya mabuku pamkeka, n'kunena kuti, "Amayi, aphunzitsi ati Lachiwiri kubwera a zaumoyo kudzatibaya katemera." Makolo ena akamva choncho mtima umagunda, mwinanso amangoti tsikulo mwana asapite. Tiyeni tione kumene uthenga wotere umachokera ndi zimene zimachitika tsikulo likakwana.

Uthengawu suyambira kwa aphunzitsi. Ndondomeko ya katemera imakonzedwa ndi Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi Unduna wa Maphunziro. Ofesi ya zaumoyo ya paboma imadziwitsa zipatala za m'madera, ndipo alangizi a zaumoyo, aja timakumana nawo kusikelo, amakaonana ndi mphunzitsi wamkulu. Amatsegula kaundula wa sukulu n'kuwerenga ana a msinkhu wofunikawo kuti adziwe kuchuluka kwa katemera woti abweretse. Zikatero mawu amatumizidwa kwa makolo kudzera mwa ana, pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kapena kudzera mwa amayi a mother group, a mfumu ndi atsogoleri a kutchalitchi ndi kumzikiti. Msonkhano umenewu si wongokamvera ayi. Ndi pamene kholo limafunsa kuti katemerayo ndi wa matenda anji, nanga akubayidwa ndi ana a zaka zingati.

Nanga n'chifukwa chiyani amasankha sukulu? Taganizirani kalasi ya Sitandade 1, ana atathithikana pansi, mapewa akugundana. Mmodzi wodwala chikuku akatsokomola, kachilombo kamatha kukhala mumpweya wa m'chipindamo mpaka maola awiri, ndipo mwa ana 10 osalandira katemera amene ali naye pafupi, 9 angathe kudwala. Katemera wa chikuku amaperekedwa kusikelo mwana ali ndi miyezi 9, kenako ali ndi miyezi 15. Wachiwiriyu ndiye amaphonyedwa kawirikawiri, poti mwana akayamba kuyenda ambirife timagwa ulesi ndi sikelo. Pasukulu m'pamene ana otsalirawo amapezeka pamodzi. Mu Meyi 2023 ana oposa 7 miliyoni a miyezi 9 mpaka zaka zosakwana 15 analandira katemera wa tayifodi m'dziko muno, ndipo sukulu zinali m'gulu la malo operekera.

Katemera sachiza munthu amene wadwala kale. Ntchito yake ndi kuphunzitsa thupi. M'kati mwake muli kachilombo kofooketsedwa kapena kachidutswa chabe kofanana nako. Thupi likakaona limapanga asilikali olimbana nako, ndipo siliiwala. Zili ngati mudzi umene waonetsedwa nkhope ya mbava isanabwere: ikadzafika, aliyense amaizindikira.

Amene amautsa mafunso ambiri ndi katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Anayamba kuyesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 anafalikira dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Kholo limafunsa kuti, "Mwana wamng'ono chonchi, za chiberekero zikumukhudza bwanji?" Funsoli n'lomveka. Kachilombo ka HPV kamafala pogonana, kamakhala m'thupi mwakachetechete, ndipo khansayo imadzaonekera patapita zaka zambiri, munthu ali mayi wa ana. Katemerayu amagwira bwino akaperekedwa mtsikana asanakumane nako kachilomboko, n'chifukwa chake sadikira kuti akule. Mphekesera yoti ndi njira yolera, yotseka mabereko, si yoona. Maiko ena anayamba kumugwiritsa ntchito mu 2006, ndipo atsikana amene analandira kalelo lero akubereka bwinobwino. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri pa dziko lonse. Kumubisa mwana m'nyumba tsiku la katemera n'kumumana chitetezo chimene amayi ake ndi agogo ake analibe.

Tsikulo a zaumoyo amafika ndi kabokosi kozizira, poti katemera ambiri amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akatenthedwa amatha mphamvu. Mwana aliyense amabayidwa pamkono ndi jakisoni wakewake watsopano, kenako amakhala pansi pamthunzi kwa kanthawi kuti amuone ngati ali bwino. Ndi bwino adye kanthu m'mawa asananyamuke. Mkono ukhoza kuwawa, thupi n'kutentha pang'ono, koma zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Zikapitirira, pitani naye kuchipatala. Palibe cholipira. Mwana amene anajomba, ngakhalenso amene sali pasukulu, akhoza kukalandira kuchipatala kapena kusikelo.

Chotsala ndi cholembedwa. Dzina la katemera ndi tsiku zimalembedwa m'kabuku ka kuchipatala kapena pakhadi, ndipo wosunga ndi inu. Mwana akasintha sukulu kapena mukasamukira boma lina, kabukuko ndi kamene kamanena zimene analandira kale.

Aliyense atenge kabuku ka mwana wake. Tsegulani tsamba la katemera n'kuwerenga masiku olembedwapo. Pamene mudzapeze mzere wosalembedwa, musadikire uthenga wa kusukulu. Kafunseni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu sabata yomweyo.