Magazi Akapanda Kubwerera, Mtima Upopa Chiyani?

Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi imodzi. Ukagunda kamodzi umatulutsa magazi okwana mamililita pafupifupi 70, ndiye pa mphindi yonse umakhala utapopa malita pafupifupi 5. Amenewo ndi pafupifupi magazi onse a m'thupi mwake. Komatu mtima supanga magazi. Umatulutsa okhawo amene abwerera kwa iwo. Uli ngati mjigo: ngakhale chitsulo chake chikhale chatsopano, pansi pakaphwa mungopopa mphepo.

Madokotala awiri, Otto Frank wa ku Germany mu 1895 ndi Ernest Starling wa ku England cha m'ma 1914, adaonetsa kuti magazi akalowa ambiri mumtima, minofu yake imatamuka kenako n'kufinya mwamphamvu, magazi n'kutuluka ambiri. Akalowa ochepa, amatulukanso ochepa. Mtima umayesa kukwaniritsa poperewerapo pogunda mofulumira, koma zimenezi zili ndi malire ake.

Magazi amakwera bwanji kuchoka kumapazi?

Pa nthawi iliyonse, magawo pafupifupi awiri mwa atatu a magazi anu amakhala m'mitsempha yobwezera magazi kumtima. Ina mwa mitsemphayi ndi ija imaoneka yobiriwira kuseri kwa dzanja. Ndi yofewa, ndipo mphamvu ya mtima imafikamo itachepa kwambiri. Nanga magazi a kuphazi amakwera bwanji mtunda wonsewo munthu ali chiimire?

Ntchito yaikulu amaigwira ndi akatumba a m'miyendo. Mukaponda pansi, minofu imafinya mitsempha yodutsa pakati pake, magazi n'kukankhidwira m'mwamba. M'kati mwa mitsemphayo muli timavalavu totseguka mbali imodzi yokha, choncho magazi akakwera sabwereranso pansi. Kupuma nakonso kumathandiza: mukakoka mpweya, chifuwa chimakula ndipo chimakoka magazi ochokera m'mimba ndi m'miyendo. Ubongo nawo umalamula mitsempha kuti ithine pang'ono mukaimirira.

Chizungulire ndi kukomoka

Mukadzuka pamphasa n'kuimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposerapo amatsikira m'miyendo nthawi yomweyo. Thupi limakonza zimenezi m'masekondi ochepa. Likachedwa, m'maso mumada, m'makutu mumalira. Zimachitika kawirikawiri kwa okalamba, kwa odwala amene agona masiku angapo, ndi kwa ena omwe akumwa mankhwala a BP. Musadzuke mwachangu. Yambani mwakhala kaye tsonga, gwedezani mapazi, kenako imirirani. Ngati chizungulire chayamba mutangoyamba mankhwala atsopano, musawasiye panokha, kawauzeni achipatala.

Mwana wasukulu akagwa pa asembule kunja kukutentha, kapena mayi akakomoka pamzere kapena pamaliro ataima nthawi yaitali, nthawi zambiri chifukwa chake n'chomwechi. Miyendo sinali kuyenda, dzuwa latakasula mitsempha, magazi adikha kumunsi, ubongo wasowa. Apa ambiri timalakwitsa chifukwa cha chifundo: timathamangira kumudzutsa, kumukhazika tsonga, kumumwetsa madzi. Ayi. Mugonekeni chagada pamthunzi, mukweze miyendo yake pampando kapena pamwendo panu, mumasule zovala zothina. Musamuike kanthu m'kamwa asanatsitsimuke bwinobwino. Ngati mphindi imodzi yatha asanatsitsimuke koma akupuma, mugonekeni chammbali ndipo pezani thandizo lopita naye kuchipatala msanga. Amene wakomoka akuthamanga, akugwira ntchito yolemetsa, kapena atadandaula za kupweteka pachifuwa, apite kuchipatala ngakhale atsitsimuke.

Mukakakamizika kuima nthawi yaitali, muzinyanyamphira n'kutsika, kapena kupondaponda pamalo pomwepo.

Madzi akatha m'thupi

Gawo lalikulu la magazi ndi madzi. Kutsekula m'mimba ndi kusanza kumachepetsa magazi enieniwo, obwerera kumtima n'kuchepa, otuluka n'kuchepanso. Umu ndi momwe kolera amaphera munthu pa maola ochepa. Mliri wa kolera umene udayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'Malawi.

Zizindikiro muzione ndi maso anu. Manja ndi mapazi amazizira, mtima umagunda mofulumira koma mofooka, mkodzo umachepa kapena kusiyiratu, maso amalowa m'kati. Tsinani khungu la pamimba pa mwana n'kulisiya: likachedwa kubwerera, madzi atha. Kwa khanda, liwombo limalowa. Limenelo si vuto lomata mankhwala pamutu, mwanayo akufuna madzi.

Yambani kumumwetsa Thanzi ORS pomwe kutsekulako kwayamba, osadikira kuti afooke. Paketi imodzi isungunuleni mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Ngati palibe, mu lita imodziyo thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, osasefukira. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Amene akulephera kumwa kapena wangoti lefu akufunika dripi, ndipo mumwetseni muli panjira ngati angathe kumeza.

Kutaya magazi nakonso kumachepetsa magazi obwerera kumtima. Pabala lomwe likukha magazi, dinikizani mwamphamvu ndi nsalu yoyera osachotsachotsa kuti muone.

Amayi oyembekezera

Kuyambira cha pa masabata 20, chiberekero chimakhala chitalemera moti mayi akagona chagada chimatha kupsinja mtsempha waukulu wobwezera magazi ochokera m'miyendo ndi m'mimba. Mtsemphawu umadutsa chakumanja kwa msana. Mayi amamva chizungulire, nseru ndi thukuta, ndipo magazi opita kwa mwana amachepa. N'chifukwa chake kusikelo amati muzigona chammbali, makamaka kumanzere. Mayi wapakati akakomoka, mugonekeni chakumanzere, osati chagada. Kutupa pang'ono kwa mapazi madzulo kumachitika, koma kutupa nkhope ndi manja, mutu waukulu kapena kuona zinthu mwachimbuuzi n'zofunika kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi akachira n'kumataya magazi ambiri, musadikire kuti kuche, pitani naye kuchipatala.

Ulendo wautali

Pabasi ya ku Johannesburg munthu amakhala wopinda miyendo usana ndi usiku. Magazi akadikha motero amatha kuundana m'mtsempha wa m'mwendo. Muzitsika basi ikaima, muziyendetsa mapazi muli pampando, ndipo musadzimane madzi poopa kukodza. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, musausisite. Pitani kuchipatala, chifukwa chibuma cha magazicho chikhoza kuthothoka n'kukatseka m'mapapo.

Pamene mtima weniweniwo wafooka

Pali odwala ena omwe malangizo a pamwambawa angawapweteke. Mtima ukafooka chifukwa cha BP yosasamalidwa kapena mavalavu ake ataonongeka, magazi amabwerera koma iwo umalephera kuwatulutsa onse. Amadzadzana kumbuyo, madzi n'kumalowerera m'miyendo, m'mimba ndi m'mapapo. Miyendo yonse iwiri imatupa, ndipo mukadinikiza chala pamsongolo pamatsala kadzenje. Munthuyo amachita befu akayenda pang'ono, usiku amagona atatsamira mapilo angapo, akagona chagada amabanika. Wotereyu akabanika musamugoneke kapena kumukweza miyendo, chifukwa mukuonjezera magazi kumtima wolephera kale. Mukhazikeni tsonga, miyendo ili pansi, n'kupita naye kuchipatala. Kunyumba achepetse mchere, azimwa mankhwala ochotsa madzi monga momwe adokotala ananenera, ndipo kuchuluka kwa madzi oti azimwa pa tsiku akafunse kuchipatala komweko.