Kodi Mkatolika Anabadwanso Mwatsopano?

Ambiri a ife funso ili latipezapo m'minibasi, kuntchito kapena pamaliro: "Kodi munabadwanso mwatsopano?" Ena timangoseka n'kusintha nkhani. Ena, makamaka achinyamata, amayamba kukayika, ndipo posakhalitsa timamva kuti akabatizidwanso kwina. Phunziro la lero litithandize kuyankha funsoli mopanda mantha komanso mosanyoza ofunsawo.

Zimene Yesu anauza Nikodemo

Nkhani ya kubadwanso ikupezeka pa mutu 3 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Yohane. Nikodemo, Mfarisi ndiponso mmodzi mwa akuluakulu a Ayuda, anapita kwa Yesu usiku. Yesu anamuuza kuti khomo lolowera mu Ufumu wa Mulungu ndi kubadwanso. Yohane analemba m'Chigiriki, ndipo liwu limene anagwiritsa ntchito pamenepa, anothen, lili ndi matanthauzo awiri: "kachiwiri" komanso "kuchokera kumwamba". Nikodemo anagwira tanthauzo loyamba lokha, n'chifukwa chake anadabwa kuti munthu wamkulu angabwerere bwanji m'mimba mwa mayi ake. Yesu anamumasulira kuti kubadwa kumeneku kumachitika kudzera m'madzi ndi Mzimu Woyera (Yohane 3:5).

Palibe mwana amene amadzibala yekha. Moyo amachita kulandira. Chimodzimodzi kubadwanso ndi ntchito ya Mulungu mwa ife, mphatso yaulere imene sitingaigule ndi khama lathu.

Tinabadwanso liti?

Kuyambira kalekale Mpingo umaphunzitsa kuti mawu a Yesuwa akunena za Ubatizo. Cha m'ma 150, Justin Woyera, yemwe pambuyo pake anafera chikhulupiriro ku Roma, pofotokoza m'mene Akhristu amabatizira anatchula mawu omwewa a kwa Nikodemo. Paulo Woyera naye amati Ubatizo ndi kusamba kumene kumatipatsa moyo watsopano (Tito 3:5), ndipo mwa iwo timaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu kuti tiukenso naye (Aroma 6:3-4).

Choncho Mkatolika wobatizidwa ayankhe molimba mtima kuti, "Inde, ndinabadwanso pa tsiku la Ubatizo wanga." Ngakhale tinali makanda osadziwa kanthu, Mulungu ndiye anayamba kutikonda. Tchimo lobadwa nalo linachotsedwa, tinakhala ana ake, ndipo tinalowa m'banja la Mpingo.

Munthu sabadwa kawiri kwa mayi mmodzi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 1272, amaphunzitsa kuti Ubatizo umasiya chizindikiro chosafufutika mumtima, chimene ngakhale tchimo silingachichotse. N'chifukwa chake Ubatizo subwerezedwa. Ngakhale munthu wochokera kumpingo wina, ngati anabatizidwa moyenera ndi madzi m'dzina la Utatu Woyera, timamulandira osamubatizanso.

Chiphaso cha Ubatizo pachokha sichikwanira

Komabe funso la anzathu aja lili ndi choonadi chimene sitiyenera kuchithawa. Mwana akabadwa amayenera kukula. Munthu angathe kusunga chiphaso cha Ubatizo m'sutikesi, koma Lolemba n'kulandira ziphuphu ku ofesi, kufinya anzake ndi katapila, kumenya mkazi wake, kapena kuthamangira kwa asing'anga bizinesi ikavuta. Moyo watsopano uja ulipo, koma wautsekera m'chipinda.

Malembo amakamba za chipulumutso m'njira zitatu. Tinapulumutsidwa kale mwa chaulere cha Mulungu (Aefeso 2:8), tikupulumutsidwa tsiku ndi tsiku (1 Akorinto 1:18), ndipo tikuyembekeza kudzapulumutsidwa kotheratu pa tsiku lomaliza (Aroma 5:9-10). Ntchito zabwino si malipiro ogulira kumwamba, ndi zipatso za chikhulupiriro chamoyo (Yakobe 2:17). Pa 31 October 1999, mumzinda wa Augsburg ku Germany, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la Lutheran World Federation anasaina chikalata chovomerezana kuti timapulumuka mwa chaulere cha Mulungu pokhulupirira Khristu, ndipo Mzimu Woyera ndiye amatipatsa mphamvu zochitira zabwino.

Nanga amene wagwa m'tchimo atani? Safunika madzi atsopano. Ambuye anatisiyira Sakramenti la Kulapa, limene limabwezeretsa moyo wa mu Ubatizo, ndi Ukaristia umene umaudyetsa. Chaka chilichonse pa Misa ya usiku wa Pasaka timabwerezanso malonjezo athu a Ubatizo: kukana Satana ndi kuvomera Mulungu ndi pakamwa pathu, monga anthu akuluakulu.

Nikodemo nayenso sanasinthe tsiku limodzi. Anayamba kubwera mobisala usiku, kenako anaikira kumbuyo Yesu pamaso pa Afarisi anzake (Yohane 7:50-51), ndipo pomaliza anathandiza Yosefe wa ku Arimatea kuika m'manda thupi la Ambuye (Yohane 19:39-42), pa nthawi imene ophunzira ambiri anali atathawa.

Zokambirana ku Mphakati sabata ino

1. Kodi mukulidziwa tsiku limene munabatizidwa? Ngati ayi, funsani makolo kapena ku ofesi ya parishi imene munabatizidwira. Papa Francis ankalimbikitsa kawirikawiri kuti tizilikumbukira ngati tsiku lobadwa.
2. Ndi khalidwe liti kunyumba kapena kuntchito limene likutsutsana ndi Ubatizo wanu?
3. Mwana wanu atakufunsani ngati anabadwanso mwatsopano, mungamuyankhe bwanji?

Ambuye atithandize kukhala monga ana ake enieni.