UTSI WA MALASHA: KU MAAMBA AMAUSEFA, NANGA PA MBAULA?

Cilala ca 2024 citacepetsa madzi pa damu ya Kariba, mabanja a ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika muno mu Chipata anakhala maola ambiri opanda malaiti. Ena mwa magetsi ocepa amene ZESCO inali kugawa anali kucokera ku Maamba, m'boma la Sinazongwe, kumene makina otentha malasha a m'migodi anayamba nchito mu 2016. Pa nthawiyo mphamvu yake inali mamegawati 300.

Malasha akamapsa amatulutsa phulusa losalala kwambiri ndi mpweya wa sulufule. Izi zikalowa m'mapapo zimabweretsa cifuwa ndi kubanika, maka-maka kwa ana, okalamba ndi odwala mphumu. N'cifukwa cake utsi suyenera kutuluka pa cumuni usanasefedwe.

M'ng'anjo za ku Maamba, malasha ophwanyidwa amapsa akuyandama pa mphepo yopemereredwa kucokera pansi. Moto wake umakhala pa madigiri 850 kapena kuposerapo pang'ono, wocepa poyerekeza ndi wa ng'anjo zina za malasha, motero mpweya woyabwa pakhosi umacepa. Ubwino wina wa ng'anjo za mtundu uwu ngwakuti mukathiridwa miyala ya laimu yosinja, laimuyo amagwira sulufule momwemo.

Phulusa limagwidwa ndi makina ena. Utsi umadutsa pakati pa zitsulo zokhala ndi mphamvu ya magetsi, ndipo phulusa limamatira pa zitsulozo monga momwe tizidutswa ta pepala timamatira ku cipeso cokhutizidwa pa tsitsi. Makina osamalidwa bwino amagwira magawo 99 pa 100 alionse. Akanyalanyazidwa, phulusa limagwera anthu okhala pafupi. Kuyang'anira kuti malamulo a utsi akutsatidwa ndi nchito ya bungwe la ZEMA.

Koma mbaula ya makala, imene mabanja amathawirako malaiti akazima, ilibe sefa ngakhale cumuni. Bungwe la zaumoyo la WHO linati mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupi-fupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse.

Mbaula iyenera kuyatsidwa panja, ndipo ana akhale patali. M'June ndi July ena amagona nayo m'cipinda cotseka pothawa kuzizira. Uku ndi kudziika pa ngozi, popeza makala amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, wosaoneka. Munthu akamva mutu, cizungulire kapena mseru ali pafupi ndi mbaula, atulutsidwe panja msanga ndi kuthamangira naye ku kiliniki.