KUTHAMANGA SI KUFIKA: PHUNZIRO LA LIWIRO LA KOMPYUTA

Abale anga, ambirife tikaona kompyuta timangofunsa kuti, "Kodi imathamanga bwanji?" Akatitchulira nambala yaikulu, mtima umakhala pansi. Koma nambala imeneyo siulula zonse.

M'kati mwa kompyuta muli thabwa lalikulu lotchedwa motherboard. Pathabwapo pamakhala purosesa, imene imawerengera zonse, ndi memory, mosungira zimene purosesayo ikugwiritsa ntchito. Njira yolumikiza ziwirizi imatchedwa bus. Liwiro limayezedwa mu MHz, ndipo MHz imodzi ndi kugunda miliyoni imodzi pa sekondi.

MASAMU AKE

Liwiro la purosesa timalipeza pochulukitsa liwiro la bus ndi nambala yotchedwa multiplier. Purosesa ya 486DX2 imene kampani ya Intel idatulutsa mu 1992 inkatenga bus ya 33 MHz kuchulukitsa ndi 2, n'kupeza 66 MHz.

Tsono taonani izi. Pentium 133 inali ndi bus yopitirira pang'ono 66 MHz ndi multiplier 2. Pentium 150 inali ndi bus ya 60 MHz ndi multiplier 2.5. Pa nambala, 150 ndiye wamkulu, koma pa ntchito ziwirizi sizinkasiyana kwenikweni, chifukwa njira ya 150 inali yochedwa. Mmisiri womanga achite changu chotani, wilibala ya njerwa ikamachedwa amangoima manja lende.

KUTCHERA MOTHERBOARD

M'zaka za m'ma 1990 munthu ankatchera yekha zimenezi ndi majampa, tizivundikiro tapulasitiki tolumikiza timapini tiwiri. Zotchera zinali zitatu: bus, multiplier ndi mphamvu ya magetsi. Pentium wamba inkafuna mavoti 3.3, pamene Pentium MMX ya mu 1997 inkafuna 2.8 m'kati mwake. Kuipatsa magetsi opyola muyeso kunali kuiotcha.

Ngozi ina inali yobisika. Njira ya PCI, yodzera uthenga wa hadi disiki, inkayenda theka la liwiro la bus: 66 inkapereka 33. Wina akakweza bus kufika 83 pofuna changu, PCI inkapyola 41, ndipo mafayilo ankatha kuonongeka mwakachetechete. Taganizani atakhala malikisi a mayeso athu kapena kaundula wa ubatizo wa parishi yonse!

NANGA LERO?

Majampa otere adatha. Zotchera zili mu BIOS kapena UEFI. Mbali yolamulira memory idalowa m'purosesa momwemo, kwa AMD mu 2003, kwa Intel mu 2008. Komabe masamu ndi omwe aja: 100 MHz kuchulukitsa ndi 36 ndi 3,600 MHz, ndiye kuti 3.6 GHz.

TISANAKHUDZE KANTHU

1. Tipemphe chilolezo kwa Bambo Rekita kapena aphunzitsi. Kompyuta ndi ya tonse.
2. Tiwerenge kabuku ka motherboard. Safunsa adadya phula.
3. Tisanatsegule bokosi tizule pulagi, kenaka tikhudze chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwathu asaononge zipangizo.
4. Tilembe m'mene zinthu zinalili, ndipo tisinthe chimodzi pa nthawi.

FUNSO

Purosesa ina ya mu 1998 inali ndi bus ya 100 MHz ndi multiplier 4.5. Kodi inkathamanga bwanji? Nanga wina akadalakwitsa n'kutchera bus pa 66, akadataya ma MHz angati?