Kusankha Ampulifaya ya Gitala ya Besi Mosaononga Ndalama

Ine ndimaimba gitala ya besi m'bandi ya sukulu yathu, ndipo anzanga amene ayamba kumene kuphunzira akhala akundifunsa kuti, "Kodi ndi tindalama tathu tochepati tigule ampulifaya yotani?" Funsoli nlofunika ndithu, pakuti ndalama ya mwana wa sukulu imachokera m'thukuta la makolo kapena m'maganyu a patchuthi, ndipo munthu akagula chosayenera sangagulenso china msanga. Tsono langizo langa ndi ili: yambani mwadziwa malo amene mudzaimbiramo ndi anthu amene mudzaimba nawo, ndipo mukatero kusankha sikudzakuvutani.

Chifukwa chimene besi ifunira ampulifaya yakeyake

M'phunziro la sayansi tidamva kuti liwu limabadwa pamene chinthu chinjenjemera ndi kukankha mpweya. Gitala ya besi ili ndi nsambo zinayi, E, A, D ndi G. Nsambo yaikulu ya E imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi imodzi, pamene nsambo yaikulu ya gitala wamba imanjenjemera ka 82. Kuti liwu lotsika chotere limveke bwino, sipika iyenera kukankha mpweya wochuluka, ndipo pepala lake liyenera kupita kutsogolo ndi kubwerera mtunda wautali. Ntchito imeneyi imadya mphamvu zambiri.

Amene adaonapo babatoni, monga uja amaimba a Madalitso Band, amvetsa msanga. Nsambo yake ndi imodzi yokha, koma imamangidwa pa ng'oma yaikulu yachikopa. Mukaimanga pa kachitini kakang'ono, liwu lakuya lija silingatuluke. Momwemonso, musalumikize besi ku ampulifaya ya gitala wamba ndi kukweza mawu. Sipika yake sidapangidwire ntchito yotere. Imayamba kulira mosasa, ndipo mapeto ake pepala limang'ambika kapena koyilo imapsa. Ngati ampulifayayo idali yobwereka, mwalowa m'ngongole ndiponso mwataya bwenzi.

Zimene mbiri itiphunzitsa

M'chaka cha 1951, Leo Fender wa ku California adatulutsa gitala ya besi yamagetsi yotchedwa Precision Bass, ndipo mu 1952 adapanga ampulifaya yake, Bassman, imene poyamba idali ndi sipika imodzi ya mainchi 15. Mu 1960 kampani ya Ampeg idatulutsa B-15, ya mawati ochepa chabe, pafupifupi 25 kapena 30, koma idakondedwa kwambiri m'nyumba zojambuliramo nyimbo ndi m'malo aang'ono. Pofika 1969 oimba adali atayamba kuimbira makamu aakulu m'mabwalo, choncho Ampeg yomweyo idapanga SVT ya mawati 300, yolemera makilogalamu oposa 35 osawerengera mabokosi a masipika. Zonsezi zidali zabwino, koma iliyonse idapangidwira malo ake. Munthu sagula ngolo ya ng'ombe kuti anyamulire thumba limodzi la mtedza.

Za mawati ndi kukula kwa sipika

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka, motero tidekhe pang'ono. Mawati ndiwo muyeso wa mphamvu ya ampulifaya. Ambiri amaganiza kuti ya mawati 100 imafuula kawiri kuposa ya mawati 50, koma si choncho ai. Mukachulukitsa mphamvu kawiri, liwu limakwera pang'ono chabe, ndi madesibelo atatu. Kuti khutu limve ngati liwu lakula kawiri, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Tsono kusiyana kwa mawati 40 ndi 50 sikuyenera kukudyerani ndalama. Koma kusiyana kwa 15 ndi 100 nkwakukulu ndithu.

Chenjeraninso ndi manambala olembedwa pa bokosi. Nambala yodalirika ndi imene yalembedwa kuti RMS, pakuti imanena mphamvu imene chipangizocho chingatulutse mosalekeza. Nambala yolembedwa kuti Peak kapena PMPO imaoneka yaikulu, koma imanena za kamphindi kochepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono tigawe ntchito patatu. Yoyamba ndi kuphunzira wekha m'chipinda. Apa mawati 15 kufikira 30 ndi sipika ya mainchi 8 nzokwanira. Zitsanzo zake ndi Fender Rumble 15, Fender Rumble 25, Orange Crush Bass 25 ndi Ampeg Rocket Bass RB-108.

Yachiwiri ndi kuimba pamodzi ndi kwaya, kiyibodi kapena gitala yosalumikiza kumagetsi, m'kalasi kapena m'tchalitchi chaching'ono. Apa mufuna mawati 40 kapena 50 ndi sipika ya mainchi 10, monga Rumble 40 kapena RB-110.

Yachitatu ndi kuimba ndi woomba ng'oma za bandi, m'holo ya sukulu kapena pa ukwati. Apa musatsike pansi pa mawati 100 ndi sipika ya mainchi 12, monga Rumble 100 kapena RB-112. Ngati woomba ng'oma wanu ali ndi dzanja lolemera ndipo holo ndi yaikulu, ya mawati 200 ndi sipika ya mainchi 15 idzakupumitsani mtima. Ndatchula maina awa kuti mukhale ndi poyerekezera. Ilipo mitundu ina yabwino imene mungaiyese ndi miyeso yomweyi.

Dziwani ichi: ampulifaya yaikulu mungathe kuitsitsa mawu ndi kuphunzirira usiku, koma yaing'ono simungaikweze kupyola mphamvu yake. Nchifukwa chake ine ndimati, ngati mudziwa kuti mudzaimba ndi ng'oma, ndi bwino kupirira miyezi ingapo mukusunga ndalama mpaka zikwanire ya mawati 100, kusiyana ndi kugula kawiri.

Mabowo a kumbuyo ndi kulemera kwake

Musanalipire, tembenuzani ampulifaya ndi kuona mabowo ake. Lofunika koposa kwa woimba pagulu ndi lija lolembedwa Line Out kapena DI, limene kawirikawiri limakhala ndi timano titatu ndipo limatchedwa XLR. Kudzera m'bowo limeneli mungatumize liwu lanu ku zokuzira mawu zazikulu za pamalopo. Mukatero ampulifaya yanu imangokuthandizani kudzimva nokha, pamene anthu akumva besi m'masipika aakulu. Umu ndi mmene ya mawati 40 ingagwirire ntchito pa ukwati. Rumble 40 ili nalo bowo limeneli, koma Rumble 25 ilibe, ndipo kwa ine kusiyana kumeneku nkofunika kuposa mawati 15 aja.

Ife ogonera pasukulu tiyang'anenso bowo la mahedifoni, kuti tisasokoneze anzathu amene akuwerenga, ndi lina lolembedwa Aux, lolumikizirapo foni kuti tiziimba motsatira nyimbo. Timabatani tokongoletsera mawu tambirimbiri si tofunika kwa wophunzira. Bass, Middle ndi Treble nzokwanira.

Ganiziraninso za msana wanu. Maampulifaya ambiri a masiku ano ndi a mtundu wotchedwa Class D, ndipo ndi opepuka. Rumble 100 imalemera makilogalamu pafupifupi 10, moti mungathe kukwera nayo minibasi kapena kuimanga pa njinga. Akale a mphamvu yomweyo amafuna anthu awiri. Sankhaninso yokhala ndi zonse m'bokosi limodzi, pakuti ndiyo yotsika mtengo ndi yosavuta kusamala.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito

Ambiri a ife tidzagula kwa munthu, chifukwa yatsopano ndi yokwera mtengo. Palibe cholakwa, koma pitani ndi gitala yanu ndi chingwe chanu, ndipo mutenge wina wodziwa, pakuti safunsa adadya phula. Mukafika chitani izi.

Poyamba, yatsani ampulifaya musanalumikize gitala ndi kumvetsera. Kaphokoso kochepa nkosadetsa nkhawa, koma kung'ung'udza kwakukulu kumasonyeza vuto m'kati. Chachiwiri, potozani batani lililonse pang'onopang'ono; likamatheteka, mwina ndi fumbi lokha, ndipo mungapemphe kuti mtengo utsike. Chachitatu, imbani nsambo ya E mokweza ndi kuisiya ilire mpaka ileke yokha. Mukamva kukhwekhwereza ngati pepala likukhuzana ndi chitsulo, sipikayo yadwala, ndipo kuisintha kungadye ndalama zimene mumati mwapulumutsa. Chachinayi, imbani kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, chifukwa matenda ena amaoneka chipangizo chikatentha.

Chachisanu ndicho chachikulu. Werengani zolembedwa pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Magetsi a kuno kwathu ndi a mavoti 230, koma a ku America ndi a mavoti 120. Ampulifaya yochokera kumeneko, yolembedwa 120V yokha, idzapsa nthawi yomweyo mukailumikiza pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu. Ngati mbale wanu wa kunja afuna kukutumizirani, mumuuziretu zimenezi. Za ku South Africa ndi ku Britain zimagwirizana ndi magetsi athu.

Kusamala chipangizo ndi moyo womwe

Tsitsani mawu mpaka pansi musanalumikize kapena kuzula chingwe cha gitala. Magetsi akazima, zimitsani ampulifaya ndi kuizula pakhoma, chifukwa pobwera nthawi zina amadza ndi mphamvu yopyola muyeso. Mukaona kuti besi ikuchepa m'holo, musathamangire kukweza batani la Bass, pakuti ndilo limatopetsa sipika koposa. Yambani mwasendeza bokosi pafupi ndi khoma kapena pangodya, pamene liwu lakuya limakula lokha, ndipo kwezani Middle pang'ono kuti mumveke pakati pa ng'oma.

Koposa zonse, musachotse dzino lachitatu la pulagi, kapena kulowetsa mawaya osavala m'khoma ndi timitengo. Dzino limenelo ndilo limatayira magetsi m'nthaka chipangizo chikaonongeka. Likasowa, magetsiwo angadzere m'nsambo ndi kulowa m'thupi lanu. Mu 1972 woimba gitala wa bandi ya Stone the Crows, Leslie Harvey, adafera papulatifomu ku Swansea atagwira maikolofoni imene idalibe chitetezo chimenechi. Musatsegulenso ampulifaya nokha, pakuti m'kati mumatsala magetsi ngakhale itazimitsidwa. Itengereni kwa wokonza.

Tsono anzanga, musanapite kukagula, khalani pansi ndi kulemba mayankho a mafunso atatu: ndidzaimbira kuti, kodi padzakhala ng'oma, ndipo ndidzainyamula bwanji? Ngati ndalama zingokwanira yaing'ono ya mawati 25, gulani yomweyo mosachita manyazi ndipo phunzirani tsiku ndi tsiku. Tsiku la zoimbaimba mungabwereke kapena kuchita lendi yaikulu. Amene afuna kumva ndi makutu ake kusiyana kwa sipika ya mainchi 8 ndi ya mainchi 12 abwere ku chipinda choimbira Lachitatu madzulo, tikatha masewera, ndipo abwere ndi mafunso ake.

Mnzanu wa Folomu 4