Maloboti Olondera Moto ndi Akuba: Mafunso ndi Mayankho

Kalata yochokera ku Zomba ikufunsa kuti: loboti yolondera imadziwa bwanji kuti moto wabuka kapena wakuba walowa?

Kawirikawiri amayamba kudziwa ndi masensa, tizipangizo tomwe amamata kudenga, pazitseko ndi m'makona a nyumba. Masensa ambiri a utsi amakhala ndi kakuwala m'kati. Utsi ukalowa umabalalitsa kuwalako, belu n'kulira. Sensa ya akuba yotchedwa PIR imamva kutentha kwa thupi la munthu akamadutsa. Tizipangizoti timatha kulumikizana popanda mawaya, ndipo pa njira ngati ya Zigbee timapatsirana uthenga mpaka ukafike pa kompyuta yaikulu. Kamodzi kakafa, uthengawo umadzera kwina.

Vuto la sensa n'lakuti sichedwa kunamizika. Fumbi, nthunzi ya kukhitchini, ngakhale mphaka, zimatha kuiliza, ndipo belu lolira pachabe anthu amatopa nalo n'kusiya kulilabadira. Ntchito yeniyeni ya loboti yagona pamenepa: kompyuta imaituma kuti ikatsimikize. Imayenda motsatira mapu a nyumbayo omwe inajambula ndi kuwala kwa laser, ndipo kamera yake yoona kutentha imaonetsa waya amene wayamba kupsa kapena munthu amene wabisala mumdima. Zithunzizo zimapita kwa mlonda, ndipo iyeyo ndiye amagamula zoitana apolisi kapena ozimitsa moto.

Wina wa ku Chipata akuti: kodi lobotiyo imagwira mbava kapena kuzimitsa moto?

Ayi. K5 ya kampani ya Knightscope, yomwe imalondera m'malo oimika magalimoto ku America, ilibe chida. Imangojambula ndi kunena zomwe yaona. Maloboti ozimitsa moto ndi a mtundu wina. Tchalitchi cha Notre-Dame chitayaka ku Paris mu Epulo 2019, loboti ya Colossus, yolemera pafupifupi makilogalamu 500, inalowa kukapopera madzi m'kati momwe denga linkagwa. Komabe ankaiyendetsa ndi munthu ali chapatali.

Funso lomaliza lachokera ku Mzuzu: nanga magetsi akazima?

Masensa ambiri amayendera mabatire. Loboti imabwerera yokha pamalo ake ochajira, choncho pamalopo ndi pa kompyuta yaikulu pamafunika batire losungira kapena sola. Zopinga zina ndi masitepe ndi matope, zomwe zimalepheretsa loboti ya matayala, komanso utsi wochuluka, umene umasokoneza laser.