Za Mwana Wofuna Digiri: Kuwerenga, Kulemba ndi Masamu

Abale athu a kwa Kaphuka, ndi inu nonse okhala m'mapiri a Dedza, mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za cinthu cimene cisautsa makolo ambiri. Caka ndi caka, pakuturuka zotsatira za mayeso a Fomu 4, timva mau amodzimodzi m'midzi: "Mwana wanga wakhoza, setifiketi ali nayo, nanga alekeranji kumuitana ku sukulu ya ukacenjede?" Ena ayesa kuti pali kukondera, ena ati dzina linasokera m'maofesi a ku Lilongwe. Koma kawirikawiri mlandu suli kumeneko iai. Uli pa zinthu zitatu zimene mwanayo anayamba kuziphunzira akali wamng'ono, ndizo kuwerenga, kulemba ndi masamu.

Tiyambe ndi malamulo ace, pakuti munthu saweruza mlandu asanamve mwambo. Mayeso a Fomu 4 dzina lace ndi MSCE, ndipo awakonza ndi kuwaconga a bungwe la MANEB, lokhala ku Zomba, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1987. Phunziro liri lonse lipatsidwa nambala, kuyambira 1 kufikira 9. Ife tinazolowera kuti wokolola matumba ambiri ndiye wapambana, koma pa mayeso awa nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Wotenga 1 kapena 2 wapambana ndithu. Wotenga 3 kufikira 6 wakhoza bwino, ndiko kumene akucha kirediti. Wotenga 7 kapena 8 wangopulumuka. Wotenga 9 walephera. Mapointi amene anyamata anyadira pa msika ndiwo manambala a maphunziro 6 ophatikizidwa pamodzi, cotero kuti woposa onse ali ndi mapointi 6.

Tsono tamverani pamene pagona nkhani. Wolephera Cingerezi salandira setifiketi konse, angakhale anakhoza zina zonse. Wotenga 7 kapena 8 m'Cingerezi akhoza kulandira setifiketi, koma khomo la digiri likhala lotsekeka, cifukwa masukulu a ukacenjede afuna makirediti 6, ndipo Cingerezi cikhale cimodzi ca iwo. Tiyese kuti mtsikana watenga 2, 2, 3, 3, 4 ndi 4 m'maphunziro ace ena, koma m'Cingerezi watenga 7. Makirediti 6 ali nao, aphunzitsi ace amtama, amai ace aluluta. Koma pofika nthawi ya kusankha, dzina lace siliwerengedwa. Atate ace anagulitsa mbatata ya kacewere ndi nyemba zaka zinai kuti alipire sukulu, ndipo zonsezo zaima pa nambala imodzi. Si nthano iai; ana otere tiwadziwa tonse.

Masamu ali ndi lamulo lina pang'ono. Sawafunsa pa maphunziro onse, koma wofuna za ulimi, za udokotala, za zomangamanga ndi makina, za sayansi kapena za kuwerengera cuma, kawirikawiri ayenera kukhala ndi kirediti m'masamu. Mwana amene anathawa masamu ali m'Fomu 2, nati ndi phunziro la anthu ena, anadzitsekera yekha makomo ambiri asanadziwe kuti alipo.

Kusankha ana opita ku masukulu a ukacenjede a boma kuyendetsedwa ndi bungwe la NCHE, limene lamulo lace linapangidwa m'caka ca 2011. Masukuluwo ndiwo University of Malawi ku Zomba, Mzuzu University, LUANAR ku Bunda kumene sikuli kutari ndi kwathu kuno, MUST ku Thyolo, ndi MUBAS ndi KUHeS, amene anapatuka ku University of Malawi m'caka ca 2021. Malo ace ngocepa, ofuna kulowa ngambiri. Cifukwa cace makirediti 6 angompatsa mwana cilolezo ca kuima pa mzere, sampatsa malo. M'zaka zapitazo University of Malawi inali kuyesanso ana ndi mayeso ace ena a polowera, ndipo zimene inali kuyesa ndizo cilankhulo, manambala ndi kulingalira. Mayesowo analekeka, koma zimene anali kufunafuna zifunidwabe.

Zinthu zitatuzi si zacilendo kwa ife. Pamene amishoni anakhazika Nkhoma m'caka ca 1896, nafalitsa masukulu m'midzi ya dziko lino, agogo athu anali kukhala pansi ndi sileti pa maondo, naphunzira zilembo, kulemba dzina ndi kuphatikiza manambala. Sekondale kunalibe m'Nyasaland monse kufikira 1940, pamene inatsegulidwa ya ku Blantyre. Inatsatira ya ku Zomba m'caka ca 1942, ndi ya ku Dedza m'caka ca 1951. Wofuna digiri anali kuturuka m'dziko, kunka ku Fort Hare kapena ku Makerere, kapena kuoloka nyanja monga anacita Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anatsiriza udokotala ku Meharry, ku America, m'caka ca 1937. Sukulu ya ukacenjede ya dziko lathu inayamba kuphunzitsa m'caka ca 1965. Masukulu akale aja anali osauka, ndipo sitifuna kuwatama koposa muyeso; koma mwa iwo munaturuka anthu onga Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, amene buku lace Nthondo linalandira mphotho m'caka ca 1933, nalembanso Mbiri ya Acewa. Iye analibe digiri, koma anadziwa kuika mau pa pepala kuti wina amve.

M'caka ca 1994 boma linacotsa malipiro a sukulu za pulayimale, ndipo ana anacuruka kucokera pafupifupi 1.9 miliyoni kufikira pafupifupi 3 miliyoni m'caka cimodzi. Cinali cinthu cokoma, pakuti ana a amphawi analowa. Koma aphunzitsi, zipinda ndi mabuku sizinacuruke ndi liwiro lomwelo. Mphunzitsi wokhala ndi ana odzaza cipinda sangathe kumva mwana ali yense alikuwerenga, ndipo mwana wocenjera akhoza kubisala m'mau a anzace, nayankha pamodzi ndi gulu, nakwera makalasi osadziwa kulumikiza zilembo. Pofika Sitandade 5, pamene maphunziro onse, kupatula Cicewa, akhala m'Cingerezi, mwana wotere asenza akatundu awiri: cilankhulo sacidziwa, kuwerenga komwe sakudziwa. Akuru anati m'mera mpoyamba. Nambala 7 ija ya m'Fomu 4 inabzalidwa m'Sitandade 2.

Nanga kuwerenga kumene afuna ku sukulu ya ukacenjede nkotani? Si kuchula mau mokweza iai. Alipo ana amene awerenga tsamba lonse mosadodoma, koma mukatseka buku ndi kufunsa kuti wolembayo alikuti ciani, angoyang'ana pansi. Ku Zomba kapena ku Bunda mphunzitsi salemba zonse pa bolodi kuti ana akope. Achula mabuku, napita. Wophunzira akafune yekha m'nyumba ya mabuku, awerenge mitu yaitali, asiyanitse mau a mutu ndi mau ongokometsera, ndipo akapeza olemba awiri atsutsana, aweruze amene ali ndi umboni. Woloweza pamtima akhoza kupulumuka ku sekondale; kumeneko mabuku amcurukira.

Kulemba nakonso si kukongola kwa dzanja. Ndiko kutenga maganizo ako ndi kuwandandalika monga acita mkuru wodziwa kunena mlandu pa bwalo: ayamba ndi ciyambi, naonetsa mboni, nafika pa cimene afuna, osasokoneza za dzulo ndi za caka catha. Cifukwa cace a caka coyamba aphunzitsidwanso za cilankhulo ndi kalembedwe, angakhale anadzera ulimi kapena makina. Ndipo m'caka cotsiriza ambiri ayenera kufufuza nkhani imodzi ndi kuilemba yaitali asanalandire digiri. Kukopa mau a wina ndi kuwayesa ako kuwerengedwa kuba, ndipo kuli ndi cilango. Wolephera maphunziro ace apatsidwa mwai wa kulembanso kapena kubwereza, koma akalepherabe acotsedwa. Kubwera kumudzi ndi sutukesi pakati pa maphunziro kuwawa koposa kusapita konse.

Za masamu tipereke citsanzo ca kumunda. Thumba la feteleza wa yureya lilemera makilogalamu 50, ndipo pa thumbapo palembedwa 46, ndiko kunena kuti mwa magawo 100 ali onse, magawo 46 ndiwo cakudya ca mbeu cimene acicha nayitrojeni. Tsono m'thumba limodzi muli makilogalamu angati a cakudyaco? Theka la 46, ndiwo 23. Ndipo munda ukafuna makilogalamu 46, mugule matumba angati? Awiri. Funsani mwana wanu wa Fomu 2 funso ili madzulo ano. Akayankha, ali pa njira. Akayamba kufunafuna lamulo limene analoweza, osaona kuti 50 ndi theka la 100, dziwani kuti masamu ace ali pa milomo pokha. Mlangizi wa ulimi, namwino woyesa mankhwala ndi womanga mlatho acita masamu a mtundu womwewu tsiku ndi tsiku, ndipo akaphonya alira ndi anthu ena.

Sitibisa kuti mpikisano uwu suli wolingana. Mwana wa sekondale yoyendera ya kumudzi, amene agawana buku limodzi ndi anzace ambiri, nayenda mtunda m'cisanu ca mwezi wa June, alemba pepala lomwelo ndi mwana wa sukulu yogonera komweko yokhala ndi magetsi ndi nyumba ya mabuku. Ici ncoyenera kucinena kwa akuru a boma kosaleka. Koma pamene tilikunena, ana alikukula, ndipo zilipo zimene tikhoza kucita ndi manja athu.

Ena aganiza kuti kuwerenga Cicewa kucedwetsa Cingerezi, naletsa ana mabuku a cilankhulo cao. Ife tiona kuti alakwa. Mwana amene adziwa kutsata nkhani m'cilankhulo ca amai ace, pofika ku Cingerezi angophunzira mau atsopano. Nzeru ya kuwerenga ali nayo kale. Cotero mpatseni ciri conse colembedwa cimene ciri m'nyumba, buku, nyuzipepala yakale, pepala la ku cipatala, awerenge inu mulikumva. Atatha, atseke, nakuuzeni ndi mau ace zimene wamva. Kholo losadziwa zilembo likhoza kucita ici, pakuti makutu ali nao, ndipo lidziwa nkhani yomveka ndi yosamveka. Mukafuna kutumiza mau kwa mbale wa ku Johannesburg, mwana ndiye alembe, mau athunthu, osati odukaduka a pa foni. Pogulitsa mbatata, iye ndiye awerengere, naonetse m'mene wapezera. Ndipo mtsikana apatsidwe nyali ndi nthawi monga mnyamata. Sikuyenera kuti mlongo wace ali pa buku, iye ali ku mtondo kufikira mdima.

Kwa iye amene wagwa kale pa Cingerezi kapena pa masamu, njira siinathe. Akhoza kulembetsa ndi kulembanso MSCE, ndipo ambiri acita cotero m'makalasi a madzulo a ku sekondale. Ena ayamba ndi maphunziro a setifiketi kapena dipuloma, nagwira nchito, nalowa ku digiri atakula, pa khomo la akuru. Aliponso masukulu a ukacenjede a mipingo, monga Nkhoma University, koma nao afunsa makirediti ao, ndi malipiro pamwamba pace. Caka ciri conse a NCHE alengeza maphunziro amene alipo ndi makirediti ofunika pa phunziro liri lonse. Cilengezo cimeneco mwana asayambe kuciona atalemba kale mayeso. Mphunzitsi wamkuru aciwerenge kwa ana ndi makolo ao pamene ana alikulowa Fomu 3, nthawi imene asankha maphunziro amene adzalemba.